Alpha ya Rosenberg yatuluka negetivu, thandizeni Lachisanu lisanafike

Nachisale: Akuluakulu ndi anzanga nonse mwaswera bwanji. Ndabwera ndi vuto la deta ya masters, Lachisanu ndikuyenera kupereka chaputala 4 kwa supavaiza nde mutu wangoima. Kafukufuku wanga ndi wa ophunzira ochokera kunja amene ali muno mu Joni, ambiri ndi akumudzi koma mulinso aku Zimbabwe, Zambia ndi Mozambique, ndikufuna kuona kuti self-esteem ndi self-efficacy zikugwirizana bwanji ndi sitiresi komanso wellbeing yawo. Zida ndi zodziwika zomwe zija, Rosenberg ya mafunso 10 yoyeza self-esteem, General Self-Efficacy (GSE) ya Schwarzer ndi Jerusalem, PSS-10 ya Cohen yoyeza sitiresi ndi WHO-5 yoyeza wellbeing. Ayankha anthu 214, mwa iwo 130 pa Google Forms, 84 pa pepala chifukwa ana ambiri a m'makoleji a m'tauni bandulo imawavuta nde ndinkawapeza Lamulungu akamatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville ndi ku Turffontein. Nditayendetsa reliability mu pulogalamu ya SPSS kuti ndione alpha, nambala yosonyeza ngati mafunso a sikelo imodzi akugwirizana, GSE yabwera 0.84, WHO-5 0.81, zimenezo zili bho. Koma PSS ili 0.38 ndipo Rosenberg yatuluka -0.14, pansi pa tebulo SPSS yalemba ka uthenga koti ndionenso ma coding. Chinanso correlation ya sitiresi ndi wellbeing ili pafupi ndi ziro, zomwe sizikumveka chifukwa anawa ndimacheza nawo, munthu akukuuza kuti sakugona chifukwa cha fizi ndi pemiti nde manambala azinena kuti palibe chikugwirizana? Ndiyambire pati?

Mbewe: Achemwali musadandaule, chongani ka bokosi ka Scale if item deleted, muone funso lomwe likukokera alpha pansi mulichotse, muyendetsenso, muzitero mpaka ifike 0.7. Kuntchito kwathu timapanga choncho kasitomala akamafuna ripoti mwachangu

Jere: A Mbewe ayi, apa sipochotsa kanthu. Alpha ya 0.55 munthu ukhoza kukambirana kuti mwina funso lina silinamveke, koma negetivu si nkhani ya funso loipa, ndiye kuti mafunso ena akuloza kumpoto ena kumwera ndipo akufafanizana okhaokha mukawaphatikiza. Achemwali mafunso otembenuka aja, olembedwa motsutsana ndi anzawo, munapanga reverse manambala ake? Rosenberg ili nawo 5, PSS-10 ili nawo 4, omwe ndi 4, 5, 7 ndi 8. GSE ndi WHO-5 mulibe ngakhale limodzi ndipo taonani kuti ziwiri zomwezo ndi zomwe zatuluka bwino.

Nachisale: Ndinapanga a Jere. Syntax, fayilo ya ma command a SPSS ija, ndi yomwe imayenda pakati pa ife a masters, pa Rosenberg ikutembenuza 2, 5, 6, 8, 9 ndi 5 kuchotsa yankho, pa PSS ndi 4 kuchotsa yankho pa mafunso mwatchulawo.

Jere: Chabwino. Tsegulani fomu yanu yeniyeni, pepala lomwe ana ankalembapo, mundiuze funso nambala 2 likuti chani ndi nambala 3 likuti chani. Musayang'ane pa intaneti, yang'anani pa pepalalo.

Nachisale: Nambala 2 ndi lija loti ndili ndi makhalidwe angapo abwino. Nambala 3 ndi loti mwachidule ndimadziona ngati wolephera.

Mayi Nangozo: Ndi pamenepo. Ndimawerenga mwakachetechete koma ili ndaliona kwa ophunzira ambiri ndiye ndilowererepo. Sikelo ya Morris Rosenberg ndi ya 1965, anaiyesa pa ana a sekondale opitirira 5,000 ku New York State, ndipo mafunso ake ndi 10 omwewo kulikonse, koma imayenda m'ndondomeko ziwiri. Ina imayamba ndi funso la kukhutira ndi mmene ndilili, pamenepo otembenuza ndi 2, 5, 6, 8, 9. Ina imayamba ndi funso loti ndine munthu wofunika mofanana ndi ena, pamenepo otembenuza ndi 3, 5, 8, 9, 10. Fomu yako Nachisale ndi yachiwiriyi, syntax ndi ya yoyamba. Ndiye 5, 8 ndi 9 zakhala bwino mwamwayi chifukwa zili mbali zonse, koma 2 ndi 6 zatembenuzidwa pomwe siziyenera, 3 ndi 10 zasiyidwa pomwe zimayenera. Mafunso 4 akukoka uku, 6 akukoka uko. Bwerera ku fayilo yoyambirira, usatembenuze pamwamba pa zotembenuza kale, upange ma variable atsopano ndi mayina ena monga RSE3r kuti akale akhale osakhudzidwa.

Mbewe: Eish ine sindinkadziwa kuti ilipo mitundu iwiri, ndimaona ngati Rosenberg ndi Rosenberg basi

Nachisale: Zikomo Madam. Ndatenga fayilo yoyamba ndatembenuza 3, 5, 8, 9, 10. Yachoka ku negetivu yafika 0.49. Yakwera koma sinafikebe, PSS ndiye ili pomwe paja 0.38 chifukwa sindinaikhudze.

Mbewe: Nde pano mukhoza kuchotsa awiri kapena atatu, kuchoka 0.49 kufika 0.7 si patali

Mayi Nangozo: A Mbewe, venda akakuyezerani chimanga pa sikelo yopotoka simumayamba kutapa chimanga kutaya mpaka nambala ikusangalatseni, mumakonza sikeloyo. Mukachotsa mafunso 3 mwa 10 chotsalacho si Rosenberg, simungachiyerekeze ndi kafukufuku wa wina aliyense, ndipo external examiner akafunsa chifukwa chomwe munachotsera yankho loti alpha ikwere silidutsa. Komanso PSS ikadali pansi pomwe mafunso ake atembenuzidwa olondola, ndiye kuti chilipo china chomwe chikudya masikelo onse awiri.

Jere: Ndikugwirizana ndi Madam. Achemwali pangani zinthu ziwiri. Choyamba Frequencies pa mafunso onse a PSS kuphatikizapo otembenuzidwa aja, mundiuze nambala yaing'ono ndi yaikulu pa lililonse. Chachiwiri ngati muli ndi kholamu yosonyeza kuti uyu ndi wa pepala uyu ndi wa pa intaneti, pangani Split File muyendetse alpha pagulu lililonse palokha.

Nachisale: Kholamu ilipo. Nazi zomwe zatuluka, Rosenberg ya anthu a pepala 0.80, ya a Google Forms 0.04. PSS nayo chimodzimodzi, pepala ili bwino ya pa intaneti yagwa. Pa Frequencies ndikuona zachilendo, PSS1 ikufika 5 pomwe sikelo imathera pa 4, ndipo PSS4r ili ndi -1 kwa anthu angapo.

Jere: Ka -1 kameneko ndi komwe timafuna. PSS imayenda 0 mpaka 4, munthu sangapeze 5, nde 4 kuchotsa 5 ndi -1 ameneyo. Funso langa, Google Forms mukaitsitsa ku Excel imakupatsani mawu osati manambala ngati funso linali la kusankha mawu. Mawuwo anasanduka manambala bwanji?

Nachisale: Automatic Recode. GSE ndi WHO-5 pa fomu zinali za linear scale nde zinabwera kale ndi manambala, koma Rosenberg ndi PSS zinali za grid ya mawu.

Jere: Basi tapeza. Automatic Recode sidziwa kuti Never ndi wamng'ono kuposa Sometimes, iyo imangosanja mawu motsata alifabeti nkuyamba kuwerenga kuchokera pa 1. Nde pa PSS yapereka Almost never 1, Fairly often 2, Never 3, Sometimes 4, Very often 5. Taganizani, mwana woti wanena kuti sizinamuchitikirepo wapatsidwa 3, woti zimamuchitikira kawirikawiri wapatsidwa 2. Pa Rosenberg nde yabisala kwambiri chifukwa manambala ake ndi 1 mpaka 4 ngati a pepala omwe, diso silingaone, koma Agree ndi 1, Disagree 2, Strongly agree 3, Strongly disagree 4. Anthu 130 mwa 214 ali ndi manambala osokonekera, nchifukwa chake correlation inathawira ku ziro. Tsegulani Variable View muone pa Values mutsimikize nokha musanandikhulupirire.

Nachisale: Ndatsegula, zili ndendende mmene mwalembera. Agree 1, Disagree 2.

Jere: Konzani chonchi. Bwererani ku ma kholamu a mawu aja, Transform, Recode into Different Variables, mulembe nokha mawu aliwonse ndi nambala yake mofanana ndi mmene munalowetsera mapepala. Ngati pa pepala Strongly disagree ndi 1 kukwera mpaka Strongly agree 4 ndiye pa intaneti zikhalenso choncho, PSS Never 0 mpaka Very often 4. Samalani ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono, SPSS ikaona Strongly Agree ndi Strongly agree imati ndi zinthu ziwiri nde mukalemba mosiyana ndi mmene zilili mu deta mupeza ma missing ambirimbiri. Mukamaliza pangani Crosstabs ya kholamu ya mawu ndi ya manambala pa funso limodzi kapena awiri, liwu lililonse lizigwera mu nambala imodzi yokha. Kenako mpamene muphatikize ndi a pepala nkutembenuza. Ndipo dinani Paste osati OK kuti zonse zikhale mu syntax yanuyanu, supavaiza akafunsa mumuonetsa mzere ndi mzere.

Nabanda: Mng'ono wanga uli pomwepo utengenso mapepala ena mwachisawawa, olo 10 peresenti, wina akuwerengere mokweza iwe ukuyang'ana pa sikirini. Ife ku ntchito tikamalowetsa mafomu a makasitomala timapeza kuti munthu akatopa diso limadumpha mzere, makamaka pa grid pomwe mabokosi ali mothinana. Uonenso amene anachonga mzere umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, Agree yekhayekha pa mafunso onse 10, ameneyo wavomera kuti ndi wofunika wavomeranso kuti ndi wachabechabe, mwina ankathamangira takisi. Usawachotse mwakachetechete, uwawerenge ulembe mu thesis kuti analipo angati ndipo unapanga nawo chani.

Mbewe: Kwa amene layisensi ya SPSS inatha, jamovi ndi yaulere ndipo pa reliability imakuuza yokha kuti mafunso awa akuoneka kuti akufunika reverse, mumangowaponya mu bokosi la reverse scaled items. Imaperekanso omega ya McDonald pompo

Jere: Zoona, R nayonso pa psych package imachenjeza. Koma chenjezo limenelo limachokera pa manambala, pa deta ya achemwaliyi ikanawauza kuti atembenuze zolakwika chifukwa manambala ake anali osokonekera kale. Choti chitembenuzidwe timachidziwa powerenga funsolo.

Nachisale: Ndabweranso. Magetsi anathima ku Brixton nde ndakamalizira ku laibulale. Zonse ndapanga monga mwanenera, Crosstabs yayera, -1 wasowa. Mapepala tinawerenga ndi mnzanga wa m'chipinda tapezamo manambala ochepa odumpha mzere takonza. Pano Rosenberg 0.78, PSS 0.80, ndipo magulu awiri aja akufanana. Sitiresi ndi WHO-5 yabwera -0.52, sitiresi ndi GSE -0.49, Rosenberg ndi GSE 0.58. Mtima wakhala pansi. Chatsala ndi funso 8 la Rosenberg, lija loti ndikanakonda ndikanamadzipatsa ulemu wochulukirapo, item-total yake, kugwirizana kwake ndi mafunso enawo, ndi 0.11 yokha ndipo ndikalichotsa alpha ikupita 0.82. Ili lokha ndichotse?

Mayi Nangozo: Funso limenelo si iwe woyamba kulimbana nalo. David Schmitt ndi Jüri Allik mu 2005 anafalitsa zotsatira za Rosenberg m'mayiko 53, anthu pafupifupi 17,000, ndipo funso 8 linavuta m'mayiko angapo, komanso anaona kuti mafunso olembedwa motsutsa anthu a m'mayiko osiyana sawamva mofanana. Chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Rosenberg ankaganiza kuti wovomera funsoli ndi munthu wodziona wotsika. Koma mwana woti wachoka ku Mzimba kapena ku Mangochi wafika pa yunivesite ku Joni, amadzidalira ndithu, ukamufunsa ngati akufuna kudzilemekeza koposa apa ayankha kuti eya, ndani safuna kuonjezera chabwino. Ndiye ovomera ndi a mitundu iwiri ndipo funso silikusiyanitsa. Langizo langa, lisiye momwemo. 0.78 ndi yokwana, zotsatira zikuluzikulu upereke za mafunso onse 10 kuti ziyerekezeke ndi za ena, kenako uyendetsenso ndi 9 uone ngati chilipo chikusintha, ulembe ndime imodzi kufotokoza. Examiner amakondwa akaona kuti unaliona vutolo ndipo sunabise.

Mbewe: Madam pamenepa ndifunse nawo, 0.7 ija inachokera kuti poti aliyense amangoitchula

Mayi Nangozo: Anthu amailozera kwa Jum Nunnally, buku lake la psychometrics la 1978, koma iye ankanena kuti 0.7 ndi yokwanira kafukufuku akamayamba kumene, pa zinthu zopangira chiganizo pa munthu ankafuna yokwera kuposa apo. Komanso alpha imakwera mafunso akachuluka olo asakugwirizana kwenikweni, ndiye si chiphaso choti sikelo ikuyeza chinthu chimodzi.

Koma Nachisale ine chomwe ndikufuna tikambirane kwambiri si alpha, ndi -0.49 uja. Werenganso mafunso 4, 5, 7 ndi 8 a PSS, omwe watembenuza aja. Akufunsa kuti mwezi wathawu ndi kangati unadzimva kuti ungathe kuthana ndi mavuto ako, kuti zinthu zikukuyendera, kuti ukutha kuugwira mtima pa zokwiyitsa, kuti zinthu zili m'manja mwako. Tsopano werenga GSE, kodi si nkhani yomweyo? Ofufuza ambiri akapanga factor analysis ya PSS-10 amapeza magawo awiri, mafunso 6 a kusowa chochita ndi 4 amenewa, ndipo gawo la 4 lija ambiri amalitcha perceived self-efficacy. Ndiye ukanena kuti self-efficacy ikugwirizana ndi sitiresi yochepa, mbali ina ya nambalayo ndi yoti wafunsa funso limodzi kawiri. Yendetsa correlation ya GSE ndi mafunso 6 aja paokha, ndi 4 aja paokha, tione.

Nachisale: Ndayendetsa Madam. Ndi 4 aja ikukwera kuposa -0.49, ndi 6 aja yatsika kufika cha m'ma -0.3 koma ikadali significant.

Mayi Nangozo: Imeneyo ya 6 ndi yomwe ndingaikhulupirire kwambiri, ndipo ndi nkhani yabwino yolemba mu discussion. Upereke zonse ziwiri. Mwayi wako unasankha WHO-5 osati sikelo ya Carol Ryff ya 1989, chifukwa mwa magawo ake 6 muli self-acceptance yomwe ili pafupi kwambiri ndi Rosenberg ndi environmental mastery yomwe ili pafupi ndi GSE, vutoli likanakhala paliponse. Koma udziwe kuti WHO-5 ikufunsa za kusangalala, kudekha, mphamvu, kudzuka utapuma bwino ndi chidwi pa zochitika za tsiku, pa masabata awiri apitawa. Ngati chaputala 2 chako chadzaza ndi Ryff ndi nkhani za cholinga cha moyo ndi kukula kwa munthu, pomwe chida chako chikuyeza mmene munthu wamvera masabata awiri, examiner adzakufunsa. Literature igwirizane ndi chomwe unayeza.

Nachisale: Chaputala 2 chili ndi Ryff wambiri ndithu. Ndichepetsa ndionjezere za WHO-5.

Jere: Pa 0.58 wa Rosenberg ndi GSE musaope, ndi zoyembekezeka, Timothy Judge ndi anzake anafika poziika ziwirizi mu thumba limodzi ndi locus of control ndi neuroticism nkuzitcha core self-evaluations. Mukaziika pamodzi mu regression muone VIF, yomwe imasonyeza ngati ziwirizo zikufanana mopitirira muyeso, pa correlation imeneyo ikhala cha pa 1.5 palibe vuto, kungoti beta ya imodzi ikhoza kuchepa chifukwa zikugawana ntchito, musathamangire kulemba kuti inayo ilibe phindu. Kusiyana kwake mukufotokoze bwino, self-esteem ndi mmene munthu akudzionera kuti ndi wofunika, self-efficacy ya Albert Bandura ya 1977 ndi kukhulupirira kuti chinthu ichi ndichikwanitsa. Bandura mwini wake ankalimbikira kuti iziyezedwa pa ntchito inayake osati mwachisawawa, mwana akhoza kudzidalira pa accounting koma kunjenjemera pa presentation ya Chingelezi, nde mu limitations mulembe kuti GSE siyikuona zimenezo.

Nabanda: Ine manambala ndawasiyira eni ake, langa ndi la anawo. Mng'ono wanga WHO-5 ukaphatikiza nkuchulukitsa ndi 4 imakhala 0 mpaka 100, ndipo 50 kutsika pansi ndi pomwe timati munthuyu afunika kumuonanso bwino. Mwa 214 amenewo alipo ndithu amene ali pansi. Ndikudziwa kuti mafomu alibe mayina ndipo ndi bwino choncho, zaumoyo pansi pa POPIA, lamulo la muno loteteza zinsinsi za anthu, ndi special personal information, komanso mwana woti pemiti yake ili m'njira sangakuuze zoona akadziwa kuti dzina lake lili pa pepala. Koma poti sungawatsatire mmodzimmodzi, kodi pa information sheet panali poti angapite? Ndimakumana nawo anawa, wina amagwira ntchito mu shopu ku Fordsburg maola 20 omwe study visa imalola pa sabata, ndalama yomweyo alipire chipinda, medical aid yomwe visa imafuna, kwinaku kumudzi akuimba kuti feteleza wakwera tumiza kangachepe poti uli ku Joni. Akadwala maganizo sauza munthu, amati ndingopemphera zitha. Ena kudzaza fomu yako kanali koyamba kuti wina awafunse mmene akumvera.

Nachisale: Panali asisi, a ethics sakanandilola popanda zimenezo. Ndinaika nambala ya SADAG, bungwe la muno lothandiza ovutika maganizo, ndi ya counselling ya pa sukulu. Koma a m'makoleji ang'onoang'ono ambiri alibe counselling nde kwa iwo inali SADAG yokha.

Nabanda: Ukamaliza ubwerere ku matchalitchi aja ukawauze zomwe wapeza, osatchula munthu, ndipo ndikhoza kubwera nawe ndikafotokoze za kukiliniki ndi malo ena omwe angathandizidwe mosalipira. Uyambe wafunsa supavaiza ngati zikufunika kudziwitsa a ethics. Ndipo polemba usanene kuti ophunzira mwakuti ali ndi depression, WHO-5 ndi PSS sizipima matenda. PSS olemba ake sanaike malire oti apa ndi sitiresi yambiri, zija za low, moderate, high zomwe zimayenda pa intaneti anthu amangozigwiritsa ntchito, ukazitenga unene komwe wazitenga.

Mayi Nangozo: Nabanda wakumbutsa china. Mapepala unatolera liti, pa intaneti liti?

Nachisale: Linki inayenda Ogasiti ndi Seputembala, mapepala Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala.

Mayi Nangozo: Ndiye a pepala anayankha mayeso ali pakhomo ndipo PSS imafunsa za mwezi wathawu. Ukapeza kuti a pepala ali ndi sitiresi yambiri usalembe kuti ana a m'makoleji ndi opanikizika kuposa a ku yunivesite, chifukwa gulu limenelo lasiyana ndi linalo pa zinthu zitatu nthawi imodzi, sukulu, njira yoyankhira ndi nyengo, ndipo sungazilekanitse. Onjezapo kuti ndi anthu opita ku tchalitchi, omwe ali ndi gulu lowazungulira, ndipo Asilamu ambiri akumudzi omwe ali ku Mayfair ndi Fordsburg njira imeneyo sinawafikire. Kholamu ija ya pepala ndi intaneti uyiike mu regression ngati control ndipo uzinene poyera.

Nachisale: Ndalemba zonse. Funso lomaliza, proposal yanga inati ndipanga mediation, self-efficacy kudzera mu sitiresi kupita ku wellbeing. Ndipitirize ndi njira ya Baron ndi Kenny monga ndinalembera?

Jere: Baron ndi Kenny ndi ya 1986, ambiri anasiya masitepe aja. Ikani PROCESS ya Andrew Hayes, ndi yaulere imalowa mu SPSS, Model 4, bootstrap 5000, muyang'ane indirect effect ngati confidence interval yake sikudutsa pa ziro. Anthu 214 pa ma correlation amenewa akwana. Muyendetse kawiri, ndi PSS yonse komanso ndi mafunso 6 aja, chifukwa cha zomwe anena Madam, apo ayi mediator wanu ali ndi self-efficacy m'mimba mwake.

Mayi Nangozo: Ndipo mawu oti chimayambitsa asapezeke paliponse. Unawafunsa kamodzi tsiku limodzi. Ukatembenuza model kuti sitiresi ndi yomwe ikugwetsa self-efficacy, PROCESS ikupatsanso manambala okongola, ndipo kunena zoona mwana amene walephera kulembetsa chifukwa cha ngongole ya fizi akhoza kusiya kudzikhulupirira chifukwa cha zimenezo, osati kuti ngongoleyo ikumupweteka chifukwa sadzikhulupirira. Izi ndimazinena mobwereza chifukwa ma recommendation amachokera pamenepa. Thesis zambiri zimathera poti ophunzira apatsidwe ma wekishopu a self-esteem, pomwe Roy Baumeister ndi anzake mu 2003 ataunika kafukufuku wambiri anapeza kuti kukweza self-esteem pakokha sikukweza magiredi, kawirikawiri ndi kukhoza komwe kumakweza self-esteem. Ngati anawo m'mafunso otseguka akutchula fizi, pemiti ndi malo ogona, ma recommendation ako atchulenso zimenezo.

Mbewe: Nde kusintha kuchoka pa Baron ndi Kenny kupita pa PROCESS sikufuna kubwerera ku komiti?

Jere: Zimatengera dipatimenti, koma poti funso la kafukufuku ndi deta sizikusintha nthawi zambiri supavaiza amangoti lembani mu chaputala 3. Achemwali mumufunse Lachisanu lomwelo. Mutenge syntax, tebulo la alpha la magulu awiri aja ndi ka tebulo ka funso 8. Syntax yakale ija muwauze anzanu a masters ayang'ane mafomu awo asanaigwiritse ntchito, amene ali ndi ndondomeko yoyamba ija iwayendera bwino, ena ayi.

Nachisale: Ndawatumizira kale pa gulupu yathu, mmodzi wayankha kuti fomu yake ndi yofanana ndi yanga ndipo yake inatuluka 0.2, akukonza usiku uno. A Jere PROCESS ndatsitsa koma pa menyu ya Regression siikuoneka.

Jere: Pitani pa Extensions, Utilities, Install Custom Dialog, musankhe fayilo ya dialog yomwe ili mu foda munatsitsayo, ikapanda kuoneka mutseke SPSS mutsegulenso. Ikakanabe pa kompyuta ya ku laibulale ndiye kuti ndi ma admin rights, tsegulani process.sps muyendetse yonse kenako mulembe command pa syntax. Mawa masana ndili ku Braamfontein, mukabwera ndi laputopu tiyendetsa limodzi ma model awiriwo.

Nachisale: Ndifika 2 koloko ndikatuluka tutorial. Asisi Nabanda za ku Rosettenville ndikuimbirani ndikamva kwa supavaiza.